Amuna anga sandiyankha ndikawaitana, ndi makutu kapena anatopa nane?

Funso: Ndine mai wa ku Kapata kuno ku Chipata, pa banja ndakhalapo zaka zoposa 30. Amuna anga ali ndi zaka 61 ndipo anagwira ntchito pa chigayo nthawi yaitali. Masiku ano ndikawaitana sayankha, ndikabwereza mokweza amakalipa ati ndikuwakuwira ngati mwana. Koma akakhala ndi anzao pa nsolo amamva bwinobwino mpaka kuseka. Wailesi amaikweza mpaka aneba kudandaula, kutchalitchi ndi kumaliro anachepetsa kupita, usiku sitichezanso monga kale. Achibale ena ati analodzedwa, ine mtima wanga ukuti mwina anatopa nane. Kuchipatala akukana. Ndichite bwanji?

Yankho: Amai, zikomo polemba. Ndiyambe ndi chimene chikukupwetekani kwambiri. Pa zonse mwafotokozazi ine sindikuonapo mwamuna wotopa ndi mkazi wake, ndikuona makutu amene anaonongeka ndi phokoso la chigayo, ukalamba n'kudzaonjezera pamwamba. Chitsimikizo chidzabwera akapimidwa, koma ntchito yanga ndi yopima makutu ndipo nkhani ngati yanuyi imafika pafupipafupi, kawirikawiri wobwera nayo amakhala mkazi, atafika kale pokhumudwa ngati inuyo.

Funso limene likukusowetsani mtendere ndi loti nanga anzao amawamva bwanji. Mkati mwenimweni mwa khutu muli kachiwalo kotchedwa cochlea, mmenemo muli timaselo tokhala ndi tiubweya pamwamba, pafupifupi 15,000 khutu lililonse, ndipo ndi timene timasandutsa phokoso kukhala uthenga wopita ku ubongo. Timaseloti tinagawana ntchito monga mmene ilili kwaya ya kutchalitchi, tina timagwira mau a besi, tina timagwira mau a pamwamba aja a sopulano. Phokoso ndi ukalamba zimayamba kupha ta mau a pamwamba, ndipo tikafa sitimeranso. Manje onani, mau a azibambo anzao ali ku besi, anu ndi a adzukulu ali pamwamba. Kuonjezera apo, m'mau aliwonse amene timakamba, a, e, i, o, u amamveka mwamphamvu komanso pansi, pamene s, f, ts, ch, th ndi ofooka ndipo ali pamwamba, koma ndi amene amasiyanitsa liwu ndi linzake. Ndiye munthu amamva ndithu kuti wina akulankhula koma sagwira kuti wati chani, mukati fifite kwacha iwo amva sikisite, ndipo akamati anthu a masiku ano amalankhulira m'mphuno sakunama, ndi mmene zikuwamvekera. Pa nsolo amakhala moyandikana, panja, masana, akuyang'anana kumaso, nkhani zake ndi zomwezomwezo amazidziwa kale, ubongo umangodzaza mipata. Inu mumawaitana muli kukhitchini, mwafulatira, mapoto akulira, wailesi ili pamwamba. Pamenepo palibe mpikisano, anzao apambana basi.

Za chigayo ndisakhalitsepo. Kukula kwa phokoso timakuyeza mu ma decibel, kucheza kwa anthu awiri kumakhala pa ma decibel 60 kapena chapafupi, ndipo kuyambira pa 85 khutu limayamba kuonongeka munthu akamakhalapo maola 8 tsiku ndi tsiku. Njira yosafuna makina ndi iyi, ngati mukufunika kukuwa kuti munthu amene waima poti mungamugwire ndi dzanja akumveni, phokosolo ndi loononga. Aliyense amene anakagayitsako chimanga akudziwa kuti pa chigayo anthu amakambirana ndi manja. Afunseni ngati m'khutu mumalira kapena kuchita phokoso losatha makamaka usiku kukakhala zii, ambiri ogwira ntchito zotere ali nalo ndipo limawasowetsa tulo, koma sauza munthu.

Zokalipa mukakweza mau nazonso zili ndi chifukwa chake, si mtima woipa chabe. Khutu loonongeka mwa njira imeneyi limatsala ndi kampata kochepa pakati pa mau osamveka ndi mau opweteka. Apansi siliwagwira, koma mukangokuwa amawalasa kuposa mmene angalasire ine kapena inu. Komanso munthu akamakuwa nkhope imasintha, imaoneka yaukali olo mumtima mulibe kanthu, ndipo poti iwo masiku ano akudalira nkhope yanu kuti amve, chimene akuona ndi mkazi wokwiya. Inu mukuti ndikuwathandiza, iwo akuti akundichititsa manyazi pamaso pa ana.

Pali china chimene anthu sachikamba koma kwathu kuno ndi chachikulu maningi. Ulemu umene tinaphunzitsidwa ndi alangizi umasemphana ndi zimene munthu wovutika kumva amafuna. Mkazi kapena mwana polankhula ndi atate amagwada chapatali, mau amatsitsa, maso pansi, mwinanso dzanja lili kukamwa. Mkamwini ndi mtengwa ndiye kuposa, amakambira kumbali osayang'anana ndi apongozi. Mwambo ndi wabwino ndipo sindikuti tiutaye, koma kwa amuna anu zikutanthauza kuti anthu amene amawalemekeza kwambiri ndi amene sakuwamva n'komwe, ndipo amene ayese kukweza mau aoneka wamwano. Banja limakhala lapanikizika pakati, kutsitsa mau sakumva, kukweza wanyoza. Potulukira ndi poti pakhomo panu mugwirizane kuti polankhula ndi atate, kusendera pafupi ndi kuwayang'ana kumaso ndi ulemu ndithu. Kugwada gwadani, koma gwadani pafupi ndipo dzutsani nkhope. Ndipo chilolezo chimenechi chichokere pakamwa pa iwo eni ake, chifukwa mwana woleredwa bwino sangayambe yekha kuyang'ana atate ake m'maso, mtengwa ndiye sangayerekeze.

Manje tione zimene zikuchitika mumtima mwao, poti iwo sangakuuzeni. Kumvetsera kwa iwo ndi ntchito yolemetsa, tsiku lonse ubongo ukulumikiza zidutswa za mau ndi kuganizira zotsalazo, pofika madzulo amakhala atatheratu ndipo ndi nthawi yomweyo imene inu mwamaliza ntchito mukufuna kucheza. Ambiri amaphunzira kugwedeza mutu ndi kunena eya eya pa zinthu zimene sanamve, kuopa kufunsa kachitatu. Izi zimandidetsa nkhawa chifukwa munthu amatha kuvomera ngongole, malire a munda, kapena chigamulo cha pa nkhani ya ukwati wa mwana asanamve, mawa akakana anthu ati ndi wabodza. Kuchipatala nakonso amavomera malangizo a kamwedwe ka mankhwala amene sanawamve. Kumaliro bambo wa msinkhu wao amayembekezeka kukhala pagulu la azibambo, kumva zolengeza, mwina kufunsidwa maganizo, ndiye tangoganizani mantha oyankha zosiyana ndi funso anthu n'kuseka pa maliro. Kutchalitchi masipika amapokosera, mau a abusa amagunda m'zipupa n'kubwerera, munthu amakhala maola awiri osatolapo kanthu. Kukhala kunyumba kumaoneka kwabwino. Ndipo anthu akamaseka pakhomo iwo osamva chosekedwacho, maganizo oti akundijeda amabwera okha, apa ndi pamene mikangano yambiri imayambira. Ena amachita zosiyana, amalankhula okhaokha osapatsa anzao mpata, poti ukamalankhula ndiwe sufunika kumvetsera, abale n'kumati mdala uja wayamba kudzimva.

Chonde pali mau amodzi amene ndikupempha aleke kumveka pakhomo panu, aja oti "basi zisiyeni, palibe kanthu" iwo akafunsa kuti mwati bwanji. Wonenayo amangofuna kupewa kubwereza, koma wouzidwayo amamva kuti sali wofunika kuti amubwerezere. Olo inali nthabwala yopanda pake ya mdzukulu, abwerezereni, moyo wa pakhomo umapangidwa ndi tinkhani topanda pake timeneti.

Za usiku ndikufuna ndikhalitsepo pang'ono chifukwa ndikuona kuti ndi pamene pachokera maganizo oti anatopa nanu. Nkhani zenizeni za anthu awiri zimakambidwa nyali itazima, monong'ona kuti ana chipinda chinacho asamve, za ndalama, za mwana amene wavuta, zoseka zanu awiri, zachikondi. Koma kunong'ona ndi mpweya chabe wopanda besi, ndiye ndi chinthu choyamba kusowa kwa munthu wa vuto limeneli, mdima nawo umawalanda milomo yanu imene amawerenga masana mosadziwa, ndipo ngati agonera khutu limene limamvako bwino ndiye kwatha. Inu mumanong'ona, iwo zii, mumatembenuka ndi mtima wosweka, iwo sakudziwa n'komwe kuti munalankhula. Zikachitika miyezi ingapo mumaleka kuyesa, iwonso amaona kuti akazi anga masiku ano sandikambitsa, aliyense n'kumaganiza kuti mnzake ndi amene wasintha. Chitani izi, dziwani khutu limene limamva bwinoko, ngati pakufunika sinthanani mbali ya bedi kuti likhale kumwamba komanso chakwanu, siyani kanyali ka sola kapena tochi ya foni ikuwala pang'ono mpaka mutamaliza kucheza, ndipo muziyamba mwawagwira dzanja kuti adziwe kuti mukulankhula. Nkhani zachinsinsi zimene sizingakambidwe mokweza m'nyumba pitani nazo kudimba kapena kumunda muli awiri, mukakhale pansi moyang'anana. Ndipo inuyo kutopa kwanu ndi koona, musadziimbe mlandu. Mwasanduka womasulira, woyankha mafoni, wobwereza chilichonse kawiri, pamwamba pake mwasowa mnzanu wocheza naye ali pompo. Auzeni zimenezi, osati mokalipa, koma kuti ndasowa macheza athu.

Zina za tsiku ndi tsiku ndi zosavuta koma zimafuna kuzolowera. Musaitane muli chipinda china, pitani pamene ali, atchuleni kapena akhudzeni paphewa, dikirani akuyang'aneni. Kuwala kukhale pa nkhope yanu osati kumbuyo kwanu, malaiti akapita kandulo ikhale pakati panu. Wailesi kapena TV tsitsani kaye. Lankhulani momveka, mwachifatse pang'ono koma osakoka mau ngati mukuphunzitsa mwana wa giredi 1. Yambani ndi mutu wa nkhani, "za feteleza", kenako n'kupitiriza, ubongo ukadziwa mutu umalumikiza msanga. Akapanda kumva kawiri musabwereze mau omwewo mokweza, sinthani mau. Ndalama, masiku, manambala a foni, alembereni kapena onetsani ndi zala. Pa chakudya anthu azilankhula mmodzimmodzi, ndipo wina aziwauza nkhani ikasintha. Kutchalitchi akhale kutsogolo poti aziona pakamwa pa wolalikira, ndipo palibe cholakwika kupempha akulu a mpingo kuti mavesi ndi zolengeza awalembere. Pamseu muziwakumbutsa kuyenda moyang'anana ndi magalimoto, mukudziwa mmene njinga ndi njinga zamoto zachulukira mu Chipata, belu la kumbuyo sangalimve.

Ana amene ali ku Lusaka kapena ku Copperbelt auzeni msanga, chifukwa iwonso amakhumudwa atate akamangoti eya eya pa foni n'kukupatsirani inu. Pa foni wamba palibe nkhope, ndiye ndi povuta kwambiri. Vidiyo ya pa WhatsApp imathandiza ngati netiweki ili bwino, mameseji olemba amathandiza kuposa ma voice note. Ndipo muwachenjeze kuti asavomere chilichonse cha mobile money pa foni asanamve bwino, akuba aja amakonda anthu ovomera msanga.

Zoti analodzedwa ndingoti, matenda amene ali ndi chifukwa chooneka chotere, zaka zambiri pa chigayo ndi msinkhu wa zaka 61, safuna kufufuza mfiti, ndipo kuloza chala wachibale kudzapasula ubale makutu osabwerera. Si iwo okha. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 430 miliyoni pa dziko lonse ali ndi vuto la kumva lofunika thandizo, ndipo mwa anthu opitirira zaka 60, oposa mmodzi mwa anayi aliwonse ali nalo. Chimene ndikukanirirani kwambiri ndi kuthira zinthu m'khutu, kaya ndi madzi a masamba, mafuta ophikira, mafuta odzozera, kapena kutokosa ndi nthenga ya nkhuku ndi machesi. Ngati ng'oma ya khutu ili ndi chiboo zimenezi zimalowa mkati ndi kuononga kwambiri.

Kuchipatala apite ndithu, ndipo chifukwa choyamba ndi chosangalatsa, nthawi zina pamwamba pa vuto lakale pamakhala phula lotseka khutu kapena mafinya, zimene zimachotsedwa kapena kuchiritsidwa munthu n'kuyamba kumvako bwino. Yambirani ku kiliniki yanu akuoneni m'khutu, akupatseni kalata yopita ku Chipata Central Hospital, kumeneko mufunse za kupima kumva kwenikweni, kuja amakuveka mahedifoni n'kumakuimbira timabelu tosiyanasiyana, zotsatira zake amazijambula pa pepala lotchedwa audiogram. Pakafunika akatswiri ena amatumiza ku Lusaka, ku chipatala chachikulu cha UTH kuli madokotala a makutu, mphuno ndi pakhosi. Mukapita nenani mankhwala onse amene anamwapo kapena kubayidwa, chifukwa kwinini wa malungo, jakisoni wa TB monga streptomycin ndi kanamycin, komanso gentamicin, amatha kuononga kumva. Nenaninso ngati ali ndi shuga kapena BP. Inu mulowe nawo m'chipinda cha dokotala, koma musawayankhire, muuzeni dokotalayo kuti alankhule akuwayang'ana iwo.

Nanga poti akukana? Musaiyambe nkhaniyi pakati pa mkangano ndipo musawatchule kuti gonthi olo moseka. Bambo amene wadyetsa banja ndi manja ake zaka zonsezi kuvomera kuti thupi layamba kufooka si chinthu chapafupi. Auzeni kuti ntchito imene inalera ana ndi imene inawapweteka makutu, pamenepo palibe manyazi. Kambani za chimene akuphonya, monga mdzukulu amene waleka kuwafotokozera za kusukulu poti agogo sayankha. Nenani kuti tiyeni tikapimitse tonse awiri, ndipo mupimitsedi, pa msinkhu wathu uno n'zofunika. Ngati ali ndi mnzao amene amamumvera, kapena nkhoswe, kapena mkulu wa mpingo, mudzereni ameneyo, azibambo ambiri amamva msanga kwa bambo mnzao. Pa foni ya mwana mutha kuikapo hearWHO, pulogalamu yaulere ya WHO, munthu amavala mahedifoni n'kumamvetsera manambala a Chingerezi akutchulidwa mkati mwa phokoso, pamapeto imaonetsa nambala, akapeza pansi pa 50 ndiye kuti apite akapimidwe. Ena amakhulupirira nambala imene aiona okha kuposa mau a mkazi wao, zilibe kanthu bola apite. Komanso pa 3 Malichi chaka chilichonse ndi tsiku lokumbukira za kumva pa dziko lonse, nthawi zina pamakhala kupima kwaulere, muzitchera khutu ku Breeze FM kapena Radio Maria.

Musachedwe nazo poganiza kuti ndi ukalamba chabe. Munthu amene sakumva amadzipatula, wodzipatula amagwa m'maganizo, ndipo akatswiri a gulu lofufuza za umoyo lotchedwa Lancet Commission mu 2020 anaika vuto la kumva pa mndandanda wa zinthu 12 zimene zikasamalidwa zingachepetse matenda oiwalaiwala a ukalamba. Sindikunena kuti amuna anu adzadwala zimenezo, ndikunena kuti ubongo umafuna macheza.

Akadzawauza za kamakina kovala m'khutu, kaja amati hearing aid, dziwani kuti sikabwezera makutu a unyamata koma kamathandiza kwambiri kakachunidwa molingana ndi audiogram yao, chifukwa kamakweza mau okhawo amene akusowa. Tija togulitsa m'mashopu ndi pa Facebook mosapima timakweza chilichonse, besi yemwe, ndiye munthu amangomva phokoso n'kukataya m'kabati. Olo kenikeni, masabata oyamba kamasowetsa mtendere, mapepala, nkhuku, masupuni zonse zimamveka mokweza poti ubongo unaiwala, ndiye azivala tsiku lililonse kuyambira kunyumba kopanda phokoso, ndi kubwerera kuti akakachunenso. Funsiranitu za mabatire kuti muzikawapeza kuti komanso ndi ndalama zingati, kapena ngati kali kotchaja, ndipo kazisungidwa pouma makamaka nthawi ya mvula. Atavala kale, zonse ndanena zija zoyang'anana kumaso zipitirire.

Za chinenero cha manja, munthu amene wayamba kuvutika kumva atakula kale ndipo amalankhula bwinobwino kawirikawiri safunika kuchiphunzira chonse, ngakhale tizizindikiro tochepa togwirizana pakhomo timathandiza. Koma kwa owerenga amene ali ndi mwana wosamva nkhani ndi ina, mwanayo akufunika chinenero msanga, ndipo kuno tili ndi mwai poti sukulu ya ana osamva ya ku Magwero ili pafupi ndi Chipata ndipo yakhalapo kuyambira 1955. Ngati kupima kwaonetsa kuti vuto la amuna anu ndi lalikulu, atha kulembetsa ku ZAPD, bungwe la boma loona za anthu olumala.

Chimodzi chofunika changu, ngati khutu limodzi lasiya kumva mwadzidzidzi, tinene m'tsiku limodzi kapena atatu, musadikire ndalama za mwezi, thamangani kuchipatala tsiku lomwelo chifukwa mankhwala ake amagwira bwino m'masabata awiri oyamba. Chimodzimodzi ngati pali chizungulire champhamvu, mafinya onunkha, kutupa kuseri kwa khutu, kapena mbali imodzi ya nkhope yagwa. Ndipo ngati akupitabe ku chigayo olo mwa apo ndi apo, agule zotseka m'makutu ku mashopu a hadiweya, azivala iwo pamodzi ndi anyamata amene akugwira nawo ntchito, thonje wamba siliteteza mokwanira.